Kamera Inayang'ana Mpando

Mtembo wa Kawaya unali chafufumimba pansi pa tebulo lake logwirira ntchito, bala lili kunkhongo, chowotcherera mawaya chikadali chotentha. Wofufuza milandu, yemwe anzake ankamutcha Chidazi, anayang'ana zipangizo zili mbwee n'kukanda mutu. Iyeyu ngakhale foni yake inkamuzunguza.

Mkulu wake wa malemuyo anaima pakhomo, maso ali gwa.

"Kabokosi aka n'kachiyani?" anafunsa Chidazi.

"Kakompyuta ka makamera a chitetezo, bwana. Khadi yolandira zithunzi ili m'katimo, koma dalaiva, pulogalamu yoiyendetsa, akukana. Ndalimbana nako mwezi wonse. N'kakufa."

"Mukukayikira ndani?"

"Mwini wake wa kabokosiko. Dzulo anatukwana kuti tikuchedwa."

Mwini kabokosiyo anapezeka ali chigonere kuchipatala kuyambira m'mawa, mwendo uli m'chikhakha. Njira imeneyo inathera pomwepo, ndipo Chidazi zinamukwiyitsa.

Kupolisi, mkazi wa Kawaya ankalankhula uku akupukuta misozi.

"Amuna anga analibe mdani. Anali ngati mwana. Akagonjetsa dalaiva wovuta, ankatembenuzira kamera kumpando wawo n'kudzijambula akuvina, kenako amvekere, mayi, taonani. Ankabisa kuopa kuti alamu awaseka."

Chidazi anadzuka. Anakumbukira zimene anaona kumalo ogwirira ntchito kuja: tchati cha mitundu choyesera makamera chinali pakhoma, koma kamera ya patebulo paja inayang'ana mpando.

Madzulo anamukhazika mkulu uja kutsogolo kwa sikirini. Katswiri wa polisi anali atatulutsa zonse za m'kabokosi kakufa kaja.

Kawaya anaoneka akuvina moipa kwambiri, kenako n'kukuwa: "Achimwene, tabwerani! Mumaikamo dalaiva wakale, pomwe khadiyi ndi yatsopano!" Mkuluyo analowa, n'kuyang'ana. Kawaya atawerama kuti amange waya, hamala inakwera m'mwamba.

"Ndinazimitsa sikirini," anatero mkuluyo, mawu atauma. "Ndimayesa ikungoonetsa, sikusunga."

"Mng'ono wanu anakulakwirani chiyani?"

"Ndine ndinamuphunzitsa kugwira chowotcherera, mamina ali tsotsotso! Lero makasitomala akalowa amandifunsa kuti Kawaya ali kuti, ngati ine ndine mlonda. Mkazi wanga yemwe, wailesi ikafa amati tidikire alamu. Ine mwezi wathunthu, iye m'mawa umodzi. Nsanje inandidya, bwana. Ndinkadana ngakhale ndi kaseka kake."

Chidazi anali ataona zambiri pa ntchito yake, koma izi zinamuwawa.

"Simunaone poyambira," anatero, n'kubweza kanemayo.

Kawaya anali asanayambe kuvina. Anasendera pafupi ndi kamera n'kunong'oneza mkazi wake: "Mayi, zatheka! Koma kasitomala tikamuuza kuti akonza ndi achimwene. Avutika nako kwambiri, asekeko nawonso."

"Zimitsani," anapempha mkuluyo. "Chonde, bwana, zimitsani."

Chidazi anatulutsa unyolo. Pasikirini, Kawaya anayamba kuvina.