Munthu Wogwetsa Zolembera

Mtembo unapezeka Lachiwiri nthawi ya 3:10 masana, m'chipinda chosungiramo mapepala, pansanjika yachisanu ya nyumba ya ophunzira saikoloji. Anaupeza ndi mayi wokolopa. Pomwe Insipekitala Bang Deok-su amafika, ophunzira anali atadzadza kale m'masitepe, aliyense atavala chophimba kukamwa poopa chimfine cha mu Novembala, mafoni ali m'mwamba.

"Abalalitseni awa," Bang anauza Sajeni Yeom Hye-rin, mayi amene anali atagwira naye ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. "Pano si pabwalo la mpira."

Womwalirayo anali Seol Da-eun, wazaka 23, wophunzira wa chaka chachinayi. Anagona chafufumimba pakati pa mashelefu awiri, bala lili kunkhongo. Pambali pake panali chitsulo chobowolera mapepala, cholemera ngati njerwa ziwiri. Wina anali atachipukuta bwinobwino.

Dokotala wa apolisi anati mtsikanayo anafa 2:30 isanakwane. Foni yake inasonyeza kuti pa 2:04 anali akadali moyo, chifukwa analembera mayi ake kuti, "Ndibwera Loweruka, musaphike zambiri."

"Makamera?" anafunsa Bang.

"Pansanjika ino palibe, bwana," anayankha Yeom. "Akuti anthu obwera kudzayesedwa pa kafukufuku amawalonjeza chinsinsi. Ku masitepe a kumbuyo nakonso kulibe."

"Mumzinda wa Daegu muno, momwe galu akakodza pamsewu amajambulidwa."

Bang anayang'ana mashelefu. Anali odzaza ndi makatoni a mapepala a mafunso, katoni iliyonse ili ndi dzina la wophunzira. Pashelefu yapakati panali mpata wa katoni imodzi. Analemba zimenezo m'kabuku kake.

Pofika 6 koloko madzulo, apolisi anali atagwira kale munthu. Dzina lake Tak Jin-ho, wa kalasi limodzi ndi Da-eun. Lolemba masana awiriwa anakangana m'nyumba yodyera, anthu ambiri akumva. Da-eun anali atachotsa dzina la Jin-ho pa ntchito ya gulu chifukwa sanalembeko ngakhale chiganizo chimodzi. Jin-ho anamenya tebulo n'kunena kuti, "Udzandiona." Zidindo za zala zake zinapezeka pa chogwirira chitseko cha chipinda chija.

Lamulo limapatsa apolisi maola 48. Mkulu wa polisi ananena momveka: pofika Lachinayi 6 koloko madzulo, fayilo ipite kwa woimira boma pa milandu, dzina la Jin-ho lili pamwamba.

"Ndinapitadi, bwana, sindikukana," anatero Jin-ho m'chipinda chofunsira mafunso. Maso ake anali ofiira. "Cha m'ma 1:30. Ndinakamuchonderera. Ndikalephera phunziro limeneli sindimaliza chaka chino, ndipo bambo anga akandisenda wamoyo."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Tuluka, ndikudikira munthu.' Basi ndinatuluka."

"Munthu wake ndani?"

"Sanatchule."

"Ndiye 2 koloko unali kuti?"

"Kuseri kwa laibulale, ndikusuta."

"Anakuona ndani?"

"Nkhunda." Anapukuta mphuno. "Bwana, ine ndine waulesi, yunivesite yonse ikudziwa. Koma kupha munthu ndi ntchito, ndipo ine ntchito sindigwira."

Yeom anatsokomola pobisa kuseka. Bang sanaseke. Zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zitatu za upolisi zinamuphunzitsa kuti olakwa amachita nthabwala, osalakwa nawonso amachita. Sanakhulupirire Jin-ho, komanso sanamutsutse.

Lachitatu m'mawa anakafunsa ku ofesi ya saikoloji za katoni yosowayo. Inali ya kafukufuku womalizira maphunziro amene Da-eun ankachita ndi mnzake wina, Gong Seung-u. Mutu wake unali kusungulumwa kwa okalamba. Aliyense anayenera kufunsa okalamba 150 m'nyumba zawo zochezeramo. Katoni ya Da-eun inalipo. Ya Seung-u ndiyo inasowa.

Bang anakumana ndi Seung-u 10 koloko m'kanyumba kogulitsira khofi pafupi ndi chipata. Anali mnyamata waukhondo, wolankhula modekha. Aphunzitsi ake anali atamuuza kale Bang kuti ndiye woyamba m'kalasi, ndipo anali atapeza malo pa maphunziro apamwamba othandiza odwala maganizo. Malowo anali anayi okha, olembera anali oposa zana.

"Katoni yako ili kuti?"

"Ndinadabwa nanenso, bwana. Mwina wakuphayo ndiye anaitenga. Mwayi wake manambala onse ndinawalowetsa kale m'kompyuta."

"Dzulo 2 koloko unali kuti?"

"Pansanjika yachitatu, chipinda 308, kuyambira 2:00 mpaka 2:40. Tonse ophunzira saikoloji timakakamizidwa kukhala oyesedwa pa kafukufuku wa anzathu, maola anayi pa teremu. Ukapanda kutero amakuchotsera mamakisi. Nambala yanga ili m'buku mwawo."

"Ankakuyesani chiyani?"

"Pa chikalata analemba kuti akuyesa kuloweza mawu."

"Ndiye iwe, katswiri wa chaka chachinayi, unakhala mphindi makumi anayi ukuloweza timawu ngati mwana wa sitandade wani?"

Seung-u anamwetulira koyamba. "Bwana, kwathu kuno zimene alemba pa chikalata sizikhala zimene akuyesa. A chaka choyamba okha ndiwo amapusitsidwa. Uli mkati moloweza, pamalowa munthu wovala ngati wokonza chotenthetsera chipinda, n'kugwetsa bokosi la zolembera. Akufuna aone ngati ungadzuke kumuthandiza. Za mawuzo ndi chiphimba m'maso chabe."

"Iwe unamuthandiza?"

"Ndinatola ziwiri zitatu, kuti asakhumudwe."

Masana Yeom anakaona bukulo. Nambala ya Seung-u inalimo, pamzere wa Lachiwiri 2:00, atasayinira. Woyendetsa kafukufukuyo, Ryu Bo-ra, anali wophunzira wa digiri yachiwiri wochokera ku yunivesite ina, wobwera teremu yomweyo. Nkhope sankazidziwa. Ankalandira anthu khumi ndi awiri patsiku, onse ophimba kukamwa, ndipo malamulo a chinsinsi sankamulola kufunsa dzina kapena chiphaso.

"Wapulumuka ameneyo, bwana," anatero Yeom akudya mpunga ndi msuzi wa ng'ombe m'kalesitilanti koyandikana ndi polisi. "Watchula zachinsinsi zomwe sizili pa chikalata. Akanazidziwa bwanji akanapanda kulowamo?"

"Mwina."

"Inu ndi 'mwina' wanuyo. Mawa 6 koloko abwana akufuna fayilo, osati 'mwina'."

"Idyani, msuzi ukuzizira."

Lachinayi 11 koloko m'mawa, Bang anagogoda pa chipinda 308. Anapempha Bo-ra kuti amuyese monga amayesera wina aliyense. Mtsikanayo anazengereza, kenaka anamupatsa pepala loti asayine, lolonjeza kuti sadzauza munthu zochitika m'chipindamo. Anatenga envulopu imodzi pa mulu, anasuzumiramo yekha, n'kuibisa m'thumba. Anamukhazika Bang patsogolo pa kompyuta n'kutuluka.

Mawu anayamba kubwera limodzilimodzi. Mpando. Mtsinje. Sopo. Bang ankayang'ana kuchitseko. Panapita mphindi khumi, kenaka makumi awiri. Msana unayamba kuwawa. Pa 11:40 kompyuta inamuthokoza, ndipo Bo-ra analowa.

"Nanga wogwetsa zolembera uja ali kuti?" anafunsa Bang.

Bo-ra anatuwa. "Wakuuzani ndani? Bwana, ngati nkhaniyi yafala, ntchito yanga ya miyezi itatu yapita m'madzi!"

"Za miyezi itatu tikambirana. Ndafunsa kuti ali kuti."

"Inuyo munagwera gulu lachiwiri." Anatulutsa envulopu ija. M'katimo munali kapepala kolembedwa nambala 2. "Sitingagwetsere zolembera aliyense. Tikufunanso kuona ngati kusokonezedwako kumaiwalitsa mawu, ndiye pamafunika gulu lina losachitiridwa kanthu, loti tiyerekeze nalo. Theka amalowereredwa, theka amangoloweza mawu mpaka kumapeto. Envulopu ndiyo imasankha, ineyo sindidziwiratu."

"Mumasunga zimene envulopu yasankha?"

"Zonse."

"Lachiwiri, 2 koloko."

Bo-ra anatsegula fayilo n'kutsetsereka ndi chala. "Gulu lachiwiri. Simunalowe munthu. Ndipotu wogwetsa zolemberayo nthawi imeneyo anali panja ndi ine, tikumwa tiyi."

Bang anaimbira Yeom ali pamasitepe. Anamuuza kuti apeze chilolezo chofufuza m'chipinda chogona cha Seung-u, ndiponso kuti acheze ndi aliyense wogona naye.

Pa 4:15 madzulo Seung-u anakhala pampando womwe Jin-ho anakhalapo. Anapinda chikhoti chake bwinobwino n'kuchiika pamiyendo.

"Undiuzenso za zolembera zija," anatero Bang. "Unatola zingati?"

"Ndanena kale, bwana. Ziwiri kapena zitatu."

"Za mtundu wanji?"

"Zabuluu, ndikuganiza."

Bang anaika kapepala ka nambala 2 patebulo, pambali pake tsamba la fayilo ya Bo-ra. Seung-u anawerenga kamodzi kokha. Sanafunikire womumasulira.

"Mnzako wogona naye chipinda, wa zauinjiniya uja, walankhula," anatero Yeom. "Akuti unamugulira nkhuku yokazinga kuti akakhale m'malo mwako ndi kusayinira nambala yako. Akuti mpaka lero sunamufunse zomwe zinachitika m'menemo. Katoni yako taipeza pansi pa bedi lako, m'chikwama cha zovala."



"Ndikanamufunsa akanadabwa," anatero Seung-u. "Dongosolo la kafukufuku wa ku 308 ndinaliona pa tebulo la aphunzitsi mwezi watha. Za magulu awiri ndimazidziwa, tinaphunzira chaka choyamba. Koma mutandifunsa muja, sindinaganizeko n'komwe. Ndinangofuna muone kuti ine sangandipusitse."

"Unapita kukatani kwa Da-eun?"

"Anandiitana. Anati 2 koloko, ndipo akapanda kundiona apita yekha kwa aphunzitsi. N'chifukwa chake ndinatuma mnzangayo ku 308. Sindinakonzekere zopha munthu, bwana. Zoti nambala yanga ili m'buku ndinazikumbukira zonse zitachitika kale."

"Kwa aphunzitsi amakanena chiyani?"

"Okalamba 150 aja, ine ndinafunsa 38 okha. Munayesapo kufunsa nkhalamba mafunso makumi asanu? Funso limodzi, iyo ikukufotokozera za nkhondo, za bondo lake, za mwana wake wa ku Seoul amene saimba foni. Tsiku lonse mapepala anayi. Mayeso olowera maphunziro apamwamba anali pafupi. Otsalawo ndinadzaza ndekha. Ndinkasintha zolembera, ena ndinkalemba ndi dzanja lamanzere."

"Anakugwira bwanji?"

"M'mafunsomo timabisamo ena obwereza, koma otembenuza. Lina limati 'ndimasungulumwa', patsogolo lina limati 'ndili ndi anthu ocheza nawo okwanira'. Anthu enieni amadzitsutsa. Amatopa, amalumpha mzere, amavomera zonse ziwiri. Okalamba a Da-eun ankadzitsutsa pafupifupi onse. Anga 112 sanaphonyeko ngakhale pamodzi. Anandiuza kuti, 'Achimwene, agogo anuwa onse anaphunzira saikoloji?' Amaseka, koma sanali kuchita nthabwala."

"Pitiriza."

"Ndinamugwadira. Ndinati dzina lake lilinso pa ntchitoyi, tikagwa tigwera limodzi. Anati bola kubwereza chaka kusiyana ndi kusayinira bodza. Anati munthu wopeka okalamba sayenera kukhala pamaso pa wodwala. Anatembenuka kuti anyamule katoni yanga apite nayo ku ofesi. Chitsulo chija chinali pashelefu, pafupi ndi dzanja langa. Ndinamumenya kamodzi."

"Unamva kuti Jin-ho tamugwira?"

"Ndinamva."

"Ndipo unakhala chete."

"Ndinaganiza kuti umboni ukapanda kukwanira mumutulutsa."

"Umboni womumangira unali wokwanira," anatero Bang. Anayang'ana wotchi. Inali 5:05. "A Sajeni, kamutulutseni Tak Jin-ho. Muwaimbirenso bambo ake, muwauze kuti mwana wawo alibe mlandu. Zaulesizo akathana okha kunyumba."

Yeom anatuluka. Bang anayamba kulemba chivomerezo, pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake, akuwerenga mokweza chiganizo chilichonse kuti mwini wake avomereze. Atafika pa nambala ya mapepala opekawo, Seung-u anakweza mutu.

"Bwana, mulembenso chinthu chimodzi. Mayankho amene ndinalemba aja si abodza kwenikweni. Ndinawerenga mabuku onse a nkhaniyi. Ndikudziwa zomwe okalamba amamva. Akanayankha chimodzimodzi."

Bang anaimitsa cholembera.

"Unawafunsa?"

"Ayi."

Bang analemba yankho limenelo, anatembenuza pepala, n'kumusonyeza poti asayine.