Mwana Wolira m'Basi ya ku Kabwata

Lachiwiri ntchito za Lukonde zinali kusesa maluwa a jakaranda pabwalo, kutsuka mbale za amayi khumi ndi mmodzi, kuchapa matewera, ndi kuthirira ndiwo za repu kuseri madzi asanathe pampopi. Pofika naini awazi anali atamaliza. Anayala chitenje pakhonde, nagona pambali pa Mwango, mwana wake wa miyezi isanu, kuti angowongola msana.

Anagonera khutu lamanja, ndipo apo ndiye panalakwika. Lamanzere linafa mu Ogasiti, tsiku limene mwamuna wake Boyd anamumenyetsa kukhoma kwawo ku Chelstone. Chichokere pamenepo dziko linkamveka ngati lili pansi pa madzi, ndipo akatsamira khutu lamoyolo kunkangoti zii. Analota ali m'kalasi ya giredi naini imene sanaimalize, maluwa akugwera m'makope, aphunzitsi akutsegula pakamwa koma mawu osatuluka.

Atadzuka, mwana panalibe. Pamene panali mutu wake panali kapepala kotsindiridwa ndi mwala: "Chotsa mlandu, mwana abwela."

Mlandu wa Boyd womenya mkazi unali woti ulowe m'khoti Lachinayi. Mwini wake anali kunja pa belo.

Nyumbayi inali ku Woodlands, yopanda chikwangwani, yobisalamo amayi othawa nkhanza za m'banja. Oyandikana nayo ankaiyesa ya masisitere. Ba Nsofwa, amene ankaiyang'anira, anaitana amayi onse pabwalo. Panasowa mmodzi, Rhodah, amene anabwera Loweruka kudzera ku ofesi ya bungwe m'tauni, akulira, diso lili m'bandeji. Mlonda anavomera kuti anamutsegulira geti hafu naini. Anati anaona mayi atabereka mwana, nanga akanamufunsa chiyani, poti muno si m'ndende.

Lukonde sanalire. Anangokumbukira chikwama cha Rhodah. Lukonde mwini anafika muno ndi patapata wa phazi limodzi ndi khadi la sikelo. Ena anafika ndi chitenje chokha. Koma Rhodah anabwera ndi zovala zopinda bwinobwino, mafuta odzola, ngakhale chaja ya foni. Lukonde anaziona tsiku lomwelo, nangoti kaya, mwina anzathu ena amathawa mwadongosolo.

Sajeni Mulubwa wa polisi, mayi wojintcha wosakonda zolankhula zambiri, anafika isanakwane hafu teni. Anati watumiza kale anzake ku Chelstone, ndipo iye athamangira kokwerera mabasi a ku Kitwe, kumene kuli abale a Boyd. Lukonde ankamumva ngati akulankhulira m'chitsime. Anayang'ana pachifuwa pake. Bulauzi inali itanyowa mkaka.

"Ba Sajeni, mwana uja anayamwa eyiti awazi. Manje ali na njala, ndipo botolo samaifuna. Tiyeni tikafunse makondakitala."

"Tikawafunse chani?"

"Za mzimayi wamene anakana kuyamwitsa."

Sajeni anamutsegulira chitseko cha galimoto. Aliyense wokwera minibasi mu Lusaka amadziwa kuti mwana akalira m'basi, amakhala wa basi yonse. Amayamba ndi amayi a mpando wakumbuyo, kenako abambo a tayi, mpaka dalaivala amatembenuka: mupatseni bere mwanayo.

Msewu wonse unali maluwa okhaokha. Ankagwa pang'onopang'ono pagalasi, ndipo Lukonde ankaona ngati galimoto yaima, mitengo ndiyo ikuyenda.

Pasiteji ya mabasi, makondakitala awiri oyamba anapukusa mitu. Wachitatu, bambo wandevu amene ankatafuna nzimbe, anaseka asanamalize kufunsidwa.

"Uja wa bandeji? Ba polisi, ine lelo naona filimu yaulele."

Anafotokoza kuti mwana anayamba kulira atangodutsa Chilenje. Basi yonse inamuuza mayiyo kuti ayamwitse, iye nkuti mabere akupweteka. Kenako anayesa kumumwetsa maheu, mwana wa miyezi isanu. Mayi wina wa yunifomu ya tchalitchi anamuuza kuti bandeji ili kudiso, kuchifuwa kuli bwino. Atamufunsa kuti mwanayo anabadwa mwezi uti, anayamba kuyang'ana kudenga. Anatsika pa Kabwata, ndipo amayi atatu amene ankapita m'tauni anatsika naye.

Pamsika wa Kabwata panali phokoso la mawailesi ndi mawilibala. Lukonde anaima pakati pa njira, natseka maso, nazungulira pang'onopang'ono, khutu lamoyo lili patsogolo. Kulirako kunabwera kochepa ngati ulusi, kuchokera kumbali ya ogulitsa tomato. Anakutsatira.

Anapeza amayi oposa makumi awiri atakhala mozungulira ngati pamaliro. Pakati pawo panali Rhodah pa kireti, bandeji itakwera pamphumi, diso lili bwinobwino. Palibe amene anamumenya. Anangomutsekera njira, wina atapita kukaitana apolisi a pamsika. Mwango anali m'manja mwa mayi wa yunifomu uja, mawu atasasa.

Lukonde anamulandira, nakhala pansi pafumbi pomwepo. Mwana anagwira bere ndi manja onse awiri, ndipo kulira kunaduka.

"Aba ndiye amake," anatero mayi wa yunifomu. "Mwana sanama."

Rhodah sanavute. Anaulula kuti amakhala ku Chunga, ndipo wakhala pachibwenzi ndi Boyd chaka chathunthu. Boyd anamuuza kuti mkazi wake ndi wamisala, akupha mwana ndi njala, ndipo akamupulumutsa adzamanga ukwati. Bandeji anamumanga ndi Boyd yemwe, zolira nazonso anamuphunzitsa. Anapangana kukumana thwelofu awazi kuseri kwa msika, pa malo ometera.

Ali mkati molankhula, foni yake inalira. Sajeni anaitenga, naona dzina la Boyd, naiyika pakhutu pa Rhodah.

"Muuze kuti mwana wagona, koma waopa kuyenda weka. Abwele pa tomato."

Amayi aja anamwazika, aliyense pa benchi yake, maso ali pansi. Patapita mphindi khumi Boyd anatulukira atavala shati yoyera yosita, m'manja muli chitini cha mkaka wa ana ndi botolo latsopano. Anaona Rhodah, namwetulira. Kenako anaona amene anakhala pansi. Atati atembenuke, njira inali itadzaza kale amayi.

"Amake Mwango," anatero ndi mawu ake ofewa a m'tchalitchi, "izi ni za m'nyumba. Tiyeni tikakambilane ngati banja."

Lukonde anasamutsira mwana kubere lina. Sajeni Mulubwa analanda chitini chija, nachiyika pa benchi, namumanga Boyd unyolo.

Khoti linamupatsa Boyd zaka zitatu za kumenya ndi zisanu ndi ziwiri za kuba mwana. Rhodah anapatsidwa zinayi.

Koma nyumba ya ku Woodlands inali itadziwika. Pasanathe sabata amayi khumi ndi ana awo anasamutsidwa, ena kunja kwa tauni. Ana atatu anataya teremu yonse ya sukulu. Mlonda anachotsedwa ntchito. Mayi mmodzi, atatopa ndi kusamuka, anabwerera kwa mwamuna wake, ndipo za iye sizinamvekenso. Ku ofesi anayika lamulo latsopano loti wobwera aliyense ayambe wafufuzidwa asanamuonetse geti. Mu Januwale ku ofesiko kunafika mayi wina, dzanja lopsa ndi ayironi. Anakhala pabenchi maola asanu asanamukhulupirire.