Nsapato za Cavit

Lachiwiri m'mawa a Tevfik anapeza nsapato zakuda pakhomo pawo, zitaloza kumsewu. Mumzinda wa Samsun aliyense amadziwa kuti nsapato za womwalira zimaikidwa chonchi pakhomo pamene pagwa maliro, kuti wosauka azitole. A Tevfik anali wapolisi wofufuza milandu wopuma ntchito, wamasiye, wotopa ndi mawondo ndiponso ndi anthu. Anangokazitaya m'bini.

Kutacha zinali pomwepo, zitanyowa, zikununkha madzi a m'nyanja.

"Anthu ayamba kundifunsa ngati mwatisiya," anawanong'oneza mayi Munevver a khomo loyandikana. "Ndawauza kuti mukadali kutsokomola."

A Tevfik sanaseke. Anali ataona chidendene cha nsapato yakumanzere, chokhuthala kuposa chinzake. Munthu mmodzi yekha ankavala zotere: Cavit wokonza mawotchi, wolumala mwendo, amene mtembo wake anauvuula m'madzi padoko mu 1987. A Tevfik ndiwo analemba kuti anaterereka ataledzera, chifukwa mlanduwo unali utawatopetsa.

Anakazitayanso. Usikuwo, mphepo itaduka, anamva munthu akukwera masitepe mumdima, phazi lina likuponda, lina likukhwekhwereza. Munthuyo anafika pakhomo, nkuima pomwepo. A Tevfik anachita mantha, ndipo sanatsegule. M'mawa nsapato zinalipo.

Usiku wotsatira anadikirira kuseri kwa chitseko. Atamva kuyenda anatsegula, nkupeza nkhalamba ikupuma movutikira. Anali Hulusi, amene kale ankanyamula katundu padoko.

"Ndiwe ukundiika m'manda ndili moyo?"

"Bwana, nsapatozi ndinazitola pakhomo pa Cavit chaka chomwe chija, Lachiwiri," anatero Hulusi chapansipansi. "Mtembo unapezeka Lachinayi. Masiku awiri onsewo mkazi wake ankauza anthu kuti bambo apita ku Ankara. Wa paulendo amamuikira nsapato panja?"

"Bwanji sunanene?"

"Ndinanena. Munandipatsa tiyi, nkundiuza kuti ndizipita."

A Tevfik anakumbukira tiyiyo, ndipo manyazi anawagwira.

"Adokotala akuti dzinja sindilifika," anapitiriza Hulusi. "Ana anga angaziike pakhomo panga poyesa ndi zanga. Mkazi wa Cavit akadali moyo, bwana. Kamufunseni."

"Ndamva. Koma kuzitola m'bini, kuzinyowetsa, kukhwekhwereza mwendo usiku, zonsezo zinali za chiyani?"

Hulusi anawayang'ana, kenako anayang'ana nsapatozo. Madzi anali akutsikabe pa sitepe.

"Ine ndinazibweretsa kamodzi, zouma. Chifuwa ichi chingakwere kuno masiku onse?"

Anatsika pang'onopang'ono, mapazi onse awiri akuponda bwinobwino. A Tevfik anaima mpaka chitseko chapansi chitatsekeka. Kenako anawerama ndi mawondo awo owawawo, nkulowetsa nsapatozo m'nyumba, pafupi ndi mbaula.

"Khala apa uume, Cavit," anatero. "Mawa tipitira limodzi kwa akazi ako."