Mpando Wakutsogolo wa Shomari

Shomari Kibwana ankapukuta galimoto pa sitolo ina ya ku Masaki, dera la anthu olemera, pomwe amagulitsa zigalimoto zazitali zija, zamatayala ofika m'chiuno ndi mipando yachikopa. Iye ankakhala kwathu ku Mbagala, m'chipinda chimodzi ndi mkazi wake Mwanahawa ndi mwana wawo wamkazi Tausi. M'mawa uliwonse ankalimbirana khomo la daladala, minibasi za kuno, n'kufika kuntchito malaya atanyowa ndi thukuta la anthu ena.

Popukutapo ankamvetsera ogula. Za mafuta panalibe wofunsa. Mayi wina wa migodi ya golide anati akufuna kuti madzi akasefukira pa Jangwani iye azidutsa nsapato zili zouma. Mkulu wina anati msana sukumulolanso kuwerama polowa m'galimoto. Ena ankafuna magalasi oti chipolopolo sichiboola. Ambiri ankangofunsa ngati mumzinda muno muli wina amene ali nayo ya mtundu womwewo.

Tsiku lina kunabwera Zuberi, amene ankakhala naye benchi imodzi ku pulayimale.

"Aa, Shomari! Ukadali ndi kansanza m'manja? Bwera, lowa umve." Anamukhazika kumbuyo n'kutseka chitseko. "Ukumva chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye chimene ndikugula n'chimenecho. Maenje suwamva, opemphetsa suwamva, ngakhale apongozi akamakuwa panja umangoona pakamwa pakuyenda. Tsika tsopano, ungandisiyire fungo la ku Mbagala."

Ogulitsa anaseka. Shomari nayenso anaseka, n'kupukuta pomwe anakhala paja.

Sabata yomweyo anakwera basi ya ku Pangani, kwa Bi Mtumwa, sing'anga amene anthu ankamutchula motsitsa mawu. Anamupeza masana pakhonde, akupala kokonati.

"Ukufuna ndalama kapena galimoto?" anafunsa mayiyo, moni osapereka.

"Galimoto, mayi."

"Ndalama ndiye zizikutsata ngati galu. Koma mpando wakutsogolo, wa pambali pa woyendetsa, ndi wanga. Galimoto ikakhala yatsopano, woyamba kukhalapo ndimutenga."

"Aliyense?"

"Ochenjera nonse mumafunsa choncho. Ayi. Wokukonda. Wongokusekerera sindimufuna, sakoma. Ndipo fungo la chikopa likangotha, ugule ina. Usandidikiritse."

Shomari anayang'ana pansi. "Nanga ndikadzalephera kupirira?"

Bi Mtumwa sanasiye kupala. "Kupirira chiyani? Chisoni? Chimenecho ndikuchotsera lero lomwe, mwaulere."

Anamutema mphini pachifuwa n'kupakapo mankhwala akuda. Sizinapweteke.

Atabwerera, wamalonda wina wa padoko anamupatsa ntchito yotulutsa katundu. Posakhalitsa anali ndi lole yakeyake, kenako malole ambiri opita ku Zambia ndi ku Congo. Chaka chisanathe analowa m'sitolo ija ngati wogula, n'kusankha yakuda.

Kuchokera pamenepo analunjika kumsika wa nsomba ku Feri, kwa mkulu wake Kombo, amene anamulipirira sukulu bambo awo atamwalira.

"Achimwene, kwerani ndikakutuleni kunyumba."

"Ndi mamba onsewa? Ndikhala kumbuyo, ndingakuipitsire."

"Ayi, kutsogolo kuno."

Kombo anakwera, n'kuyamba kusisita chikopa ngati mutu wa mwana. "Mphwanga, tikuyandamatu! Kodi msewu uja anaukonza, kapena maenje akukuopa iweyo?" Anaseka njira yonse. Lachisanu lake anagwa akupita kumzikiti, osadzukanso.

Shomari ananyamula nawo maliro mpaka kumanda. Ankadikira chisoni, koma sichinabwere. Anthu akadali kukwirira, iye anabwerera m'galimoto, n'kuyatsa mphepo yozizira, n'kudya mtedza.

Anasamukira ku Masaki, m'nyumba ya mpanda wautali. Miyezi inapita. Tsiku lina atalowa m'galimoto ananunkhiza, n'kupeza kuti ikungomveka fungo la iye mwini. Anagula ina, yofiirira, n'kunyamula Shufaa, chibwenzi chake chimene chinkamulumbirira chikondi tsiku ndi tsiku. Shufaa anadzijambula zithunzi pampandopo, n'kupempha ndolo zagolide. Sanadwale ngakhale chimfine. M'malo mwake malole awiri anapsa ku Tunduma, ndipo foni inalira.

"Wandibweretsera chiyani?" anali Bi Mtumwa. "Gula ina."

Anagula yoyera. Mayi ake anali ndi ng'ala m'maso, ndipo anawauza kuti awatengera kwa dokotala.

"Mwanawe, kukwera kwake ngati padenga," anatero mayi akewo akupapasa chitseko. Shomari anawanyamula yekha n'kuwakhazika, n'kuwamanga lamba. Anali opepuka kwambiri. Njira yonse ankamupempherera, kuti Mulungu amuwonjezere. Iye ankayankha kuti amini, maso ali pamsewu. Mayiwo anamwalira ali m'tulo sabata isanathe.

Olira atabalalika, Mwanahawa anamupeza pabalaza akudya zipatso zouma za tende.

"Bambo a Tausi, alamu anga anakwera yakuda ija. Amayi akwera yoyerayi. Ine si mwana."

"Nanga?"

"Nanga? Basi? Mayi anu agona m'dothi, inu mukuti nanga?"

Shomari analavulira njere m'dzanja. Mwanahawa anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufunafuna munthu m'nyumba yopanda nyale. Tsiku lomwelo anatenga Tausi n'kubwerera ku Mbagala, osanyamula ngakhale sipuni.

Malole anachulukanso. Iye ankadya, ankagona, ankasaina. Akaima pa mzere wa galimoto mumsewu wa Morogoro ankayang'ana madenga a tigalimoto ta anthu iye ali pamwamba, osakondwa, osadandaula. Kenako fungo linathanso.

Anagula yachinayi, yasiliva. Anakhala mmenemo pakhomo pa sitolo akuganizira amene watsala. Zuberi ayi. Antchito ake ayi. Mwanahawa sakanayandikira n'komwe. Analiza injini n'kupita kusukulu ya Tausi nthawi yoweruka.

Mwanayo anamuonera patali, n'kuthamanga chikwama chikumumenya kumsana.

"Ababa! Yatsopano? Ndikhala kutsogolo, anzanga andione!"

Dzanja lake litangofika pa chogwirira, chala cha Shomari chinadina batani lokhoma zitseko. Sanamve chikondi, sanamve mantha. Chala chinangodina, ndipo mpaka lero palibe akudziwa chifukwa chake. Tausi anakoka, n'kukokanso, n'kuyamba kumenya galasi ndi chikhatho, misozi ikutsika. Shomari anabweza galimoto pang'onopang'ono kuti asamuponde, n'kuchoka mpando uli wopanda munthu.

Asanafike kunyumba foni inalira.

"Mpando wanga uli wokha," anatero Bi Mtumwa.

"Inde, mayi."

"Chabwino."

Anangonena zokhazo.

Lole ina inagubuduka pa phiri la Kitonga. Ena anawagwira pamalire ndi katundu amene iye sanapakize. Wamalonda wa padoko uja anati sakumudziwa. A banki anabwera kudzatenga nyumba, ndipo Shomari anaima pageti akuonerera galimoto zake zikukokedwa imodziimodzi, ngati ndi za mnansi. Mlonda anamupatsa chikwama cha zovala. Anachisiya pomwepo n'kuyamba kuyenda.

Masiku ano mungamuone pa mphambano ya Ubungo. Amayenda wopanda nsapato pa tara wotentha, mapazi atang'ambika, iye osadziwa. Galimoto zikaima amadutsa ma daladala ndi tigalimoto tonse, n'kupita pa zazitali zokhazokha. Amagogoda pa galasi la mbali ya wokwera.

"Malo alipo kutsogoloko? Ndikhalepo ine."

Palibe amamutsegulira. Tausi ndi mtsikana wamkulu tsopano, ndipo akaweruka kuntchito amamubweretsera chapati ndi nyemba m'kabakuli.

"Ababa, ndine Tausi."

"Zikomo, mayi," amayankha, n'kudya chilili, maso ali pamsewu.

Dyera ndi lomwe linamufikitsa apa, osati umphawi, pakuti aumphawi ku Mbagala tilipo ambiri ndipo maliro athu timalira. Amene wagula chigalimoto ndi thukuta lake, ayende nacho. Koma iwe wosirira, usafunse kokha kuti mnzako wakwera chiyani. Chuma chamankhwala chimalipiridwa ndi anthu, ndipo anthu okukonda ndi owerengeka: amatha msanga, dyera lisanakhute.