Ndiwo za Mayi Nangozo

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana pa Dimba Lachitatu, munda wa pansi pa galasi umene unali kumwezi, aliyense ankaima pa chitsulo chosalala pakhomo la chipinda chodyera n'kuika chikhatho pakhoma. Kuwala kobiriwira kunkamuyenda kuchokera kuphazi mpaka kumutu. Asanaphethire kawiri, makina otchedwa Mgawi anali atadziwa kale kulemera kwake, kukula kwa minofu ya m'ntchafu ndi ya kumsana, ndi ntchito yonse imene thupilo lagwira chidzukire. Kenaka mkati munkalira ngati chigayo chakutali, ndipo pakazenera pankatuluka ndiwo za munthuyo: nthuli zoumbidwa ndi soya, nandolo ndi ufa wa nkhululu zoweta, zokoma ngati nkhuku yachikuda.

Chinali chaka cha 2088. Mgawi anapangidwa ndi ana akwathu konkuno, ndipo pamenepa tisachite manyazi kudzitama, chifukwa anali makina aulemu wake. Ankalankhula Chichewa chofatsa, sankakondera, ndipo ntchito yake inali yosunga moyo. Kumwezi zinthu sizilemera. Thumba la chimanga mayi amalinyamula ndi dzanja limodzi kwinaku akucheza. Kukoma kwake n'komweko, koma thupi ndi laulesi: likaona kuti minofu yasowa ntchito, limayamba kuidya. Choiteteza ndi masewero olimbitsa thupi pamodzi ndi mapuloteni, zakudya zija zomanga thupi. Munthu wongodzikhalira kwawo amakwana ndi galamu imodzi yosadzaza pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Koma wofuna kumanga minofu, makamaka wachikulire, amafunika kawiri kake, ndipo osazidya nthawi imodzi, koma m'mawa, masana ndi madzulo.

Mayi Nangozo, katswiri wa nandolo wochokera ku Bilira ku Ntcheu, anali a zaka 58 ndipo ankalemera makilogalamu 60. Mgawi ankawatulutsira magalamu 96 patsiku, ofanana ndi mazira khumi, asanu ndi limodzi. Mbale yawo inkabwerera yoyera tsiku lililonse.

Chombo chopita kwawo chinkabwera kawiri pachaka, ndipo palibe amene ankakwera asanagonjetse Mwala. Awa anali makina oyesera miyendo: munthu ankagona chagada n'kukankha chitsulo ndi mapazi kakhumi. Wolephera ankatsala, chifukwa miyendo yofooka ikangoponda dziko, kumene zinthu zimalemera kasanu ndi kamodzi, imathyoka ngati mapesi. Mayi Nangozo ankachidikira chombo chimenechi ndi mtima wonse. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwandida, anali ndi pathupi poyamba, ndipo masiku ake ochira anali sabata imodzi chombocho chitatera padziko.

Kutatsala masabata khumi, onse anayesedwa koyamba. Mayi Nangozo anakankha katatu. Kachinayi chitsulo chinakana.

"Amayi, sindikumvetsa," anatero Dokotala Ndaziona Kaphuka, mtsikana wochepa thupi amene ankayang'anira odwala pa Dimbalo. "Mgawi akuti mumamaliza ndiwo zanu zonse. Masewero simujomba. Nanga minofuyi ikupita kuti?"

"Mufunse makina anuwo, mwanawe. Ine ndimadya."

"Mukalepheranso tsiku lomaliza, ndilibe mphamvu yokukwezani. Mudzadikira miyezi ina isanu ndi umodzi."

Mayi Nangozo anayang'ana mapazi awo. Kenaka anati, "Mwandida alibe mayi wina. Pachikuta adzakhala ndi yani?"

Dokotala anayeza magazi, anayeza mtima, anayeza chiwindi. Zonse zinali bwino. Anafunsa Mgawi ngati analakwitsa masamu, ndipo Mgawi anabwereza masamuwo n'kupeza zomwezo. Koma anaonjezera mawu amodzi: "Adokotala, maso anga amathera pakhomo. Anthu anakana kuti ndiziwayang'ana akamadya, ndipo ndimalemekeza zimenezo. Chimene ndimaona ndi mbale ikamalowa ndi ikamatuluka."

Dokotalayo ankadyera kuchipatala kwake, nthawi zambiri ali chilili. Tsiku lotsatira anatenga mbale yake n'kukakhala ndi alimi.

Zimene anaona zinali zapoyera, zoti ngakhale wakhungu akanazimva. Alimi asanu ndi mmodziwo atangolowa, aliyense anakhuthulira ndiwo zake m'beseni limodzi lalikulu, monga amachitira anthu kwawo, n'kulizungulira. Masamu onse a Mgawi anathera m'beseni lomwelo. Manja anayamba kuyenda. Mayi Nangozo ankatema nsima, kusunsa mumsuzi, kudya. Nthuli ikayandikira mbali yawo, ankaikankha ndi chala cham'mbali, mwakachetechete, kupita kwa amene anali kumanja kwawo.

Amene anali kumanja kwawoyo anali Bambo Gostino Mkwapatira, wokonza mapaipi a madzi, mkulu wa zaka 61 wa ku Mwanza. Pa mayeso oyamba aja bamboyu anali atakankha Mwala kakhumi ndi kasanu ndi kawiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo khutu la munthu silinapume. Ankati ndi magazi a kwawo, kuti agogo awo ankanyamula ng'ombe yothyoka mwendo okha.

"Amayi," anatero dokotala, "kuyambira pamene takhala pano, simunadye nthuli ndi imodzi yomwe."

Manja onse anaima m'malere.

"Nanga mumawerenga anthu pakamwa, mwanawe?" anatero Mayi Nangozo, nkhope itagwa. "Ine ndinabadwa woyamba pa ana asanu ndi anayi. Nkhuku imodzi, anthu khumi ndi mmodzi. Mayi anga ankati mtsikana wotsogoza dzanja kunthuli amachititsa manyazi mudzi. Ndiwo n'zopititsira nsima basi. Ndakula ndi msuzi ine, ndafa? Nkhuli siinenepetsa."

"Kwathu munkasenza ndowa, munkalima, ndipo thupi linkatolera pang'onopang'ono m'nyemba ndi m'mtedza. Kuno minofu imatha tsiku ndi tsiku. Msuzi umenewo ndi umene ukukutsekerani njira yopita kwa Mwandida."

Bambo Mkwapatira anayang'ana nthuli imene inali m'dzanja lawo, kenaka mikono yawo yonenepa ija. Tsiku limenelo za agogo ndi ng'ombe sizinamvekenso.

Dokotala analamula zimene buku limalamula: Mayi Nangozo azidyera kuchipatala, okha, mbale yawoyawo. Zinakanika. Mayiwo ankakhala pampando, chakudya chili patsogolo, n'kumangochitembenuza. "Wodya yekha ndi mfiti," anatero tsiku lachitatu, misozi ili lengelenge. Sanali kuchita makani. Chimene munthu anachiphunzira ali ndi zaka zisanu sichichoka ndi lamulo la dokotala, ndipo kuona mayi wamkulu akulimbana ndi mbale yakeyake kunali komvetsa chisoni.

Apa ndi pamene Mgawi anaonetsa kuti amene anamupanga anali ndi mitu. Makina ena akanangoonjezera magalamu kapena kulira belu. Iye anafunsa funso. Alimi ataima pakhomo m'mawa mwake, anati, "Ndithandizeni, inu mukuwadziwa kuposa ine. Kodi chilipo chakudya chimene Mayi Nangozo sangachikane?"

Onse anayang'anana. Amene anayankha anali Bambo Mkwapatira, ndi mawu otsika amene anthu sankawadziwa nawo.

"Chimene munthu wawaikira m'dzanja. Kudzitengera okha sangathe. Koma kukana chimene wapatsidwa n'chipongwe, ndipo achemwali aja chipongwe alibe."

"Zikomo," anatero Mgawi. "Zimenezo m'masamu anga munalibe."

Kuyambira tsiku lomwelo Mgawi anasintha kaumbidwe ka ndiwo. Anasiya nthuli zazikulu n'kumatulutsa zing'onozing'ono, zokwana pakati pa zala ziwiri, zosavuta kupatsana ndipo zosachititsa manyazi kulandira. Mayi Nangozo anabwerera kubeseni. Atangosunsa kamodzi, dzanja la Bambo Mkwapatira linali litafika kale.

"Achemwali, talandirani aka."

"Iyayi, a Mkwapatira, idyani inu."

"Mundibwezera dzanja pamaso pa anthu?"

Analandira ndi manja awiri, n'kudya akuyang'ana kumbali. Ena nawonso anayamba kupereka, koma wopereka kwambiri anali Mkwapatira yemweyo. Makina ochitira masewero analipo awiri okha, aliyense ola lake, ndipo bamboyu anapereka ola lake kwa mayiwo, n'kumapita kukawapalirira nandolo. Wina akafunsa, ankaseka. "Ine wa kakhumi ndi kasanu ndi kawiri ndivutikirenji?"

Sabata yachinayi Mayi Nangozo anakankha kasanu. Yachisanu ndi chiwiri, kasanu ndi katatu. Mapewa anadzaza, mayendedwe anasintha, ndipo tsiku lina anamveka akuimba m'mizere ya nandolo. Dimba lonse linakondwa. Mgawi yekha ndi amene sanakhazikike. Anaona kuti ntchafu za Bambo Mkwapatira zikuphwa, ndipo anawaonjezera magalamu makumi awiri. Magalamuwo analowa m'beseni n'kukathera m'dzanja la Mayi Nangozo. Anaonjezeranso, zinapita komweko. Anauza dokotala, dokotala anaitana bamboyo, ndipo bamboyo anati ndi m'mimba chabe mwavuta masiku awiri. Dokotala anakhulupirira, poti maso ake onse anali pa wodwala mmodzi, ndipo munthu amene anapambana motero ndani akanamudera nkhawa?

Tsiku la mayeso omaliza linafika, chombo chitaima kale panja. Mayi Nangozo anamanga chitenje m'chiuno pamwamba pa zovala zantchito, anagona pa Mwala, n'kukankha. Anthu ankawerenga mokweza. Kasanu ndi kawiri anapumira m'mwamba. Kasanu ndi kanayi miyendo inanjenjemera. Kakhumi kanatheka, ndipo anaonjezapo kena kaulere. Nthungululu zinamveka mpaka kumatanki a madzi.

Bambo Mkwapatira anali omaliza. Atavula jekete, chipinda chinazizira. Mikono ija inali itapita. Anakankha kanayi bwinobwino, kachisanu movutika, kachisanu ndi chimodzi mano ali gwa. Chitsulo chinabwerera pang'onopang'ono n'kukhala.

Dokotala Kaphuka anagwira pakamwa. "Bambo, mwakhala mukudya chiyani?"

"Msuzi," anatero, akupukuta thukuta. "Si woipa ayi. Achemwali anaudya miyezi khumi, isanu ndi itatu."

Mayi Nangozo anaimirira pamaso pawo mokwiya. "A Mkwapatira, mwandidyetsa miyendo yanu? Mwandisandutsa chiyani ine? Adokotala, malo angawo apatseni iwowa."

"Sizitheka, amayi. Chombo chimatenga miyendo imene yapambana."

"Ndiye nanenso nditsala."

"Mukatsala ndiye kuti ndasala pachabe," anatero Bambo Mkwapatira. Anakhala tsonga pa Mwala paja. "Tamverani, achemwali. Chaka ndi theka ndinkadya pafupi ndi inu, nthuli zikubwera zokha, osakweza mutu n'kamodzi komwe kuona kumene zikuchokera. Kwathu ndinkadyanso chimodzimodzi. Malemu akazi anga ankakhala kumanzere kwanga zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati nkhuku ankaikonda. Kwanga kulibe amene akuchira. Mbuzi zanga zidikira. Pitani mukagwire mwana."

Mayi Nangozo anawayandikira. Anagwada, anagwira dzanja lowonda lija ndi manja awo awiri, n'kulira monga amalirira munthu amene wachitiridwa chabwino chomupitirira msinkhu.

Chombo chinanyamuka m'mawa mwake. Patapita masiku khumi ndi awiri uthenga unafika ku Dimba Lachitatu kuti Mwandida wachira bwino, mwana wamkazi, ndipo agogo ake ndi amene anamusambitsa koyamba. Bambo Mkwapatira anaumva uthengawo ataima pachitsulo chosalala chija, chikhatho chili pakhoma, akudikira ndiwo zawo. Anagwedeza mutu, anapukuta m'maso ndi phewa, n'kufunsa Mgawi kuti kwatsala masiku angati kuti chombo chibwerenso.

"Zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri," anatero Mgawi. "Magalamu anu lero ndi 110. Ndikhoza kukuumbirani onse bwinobwino, bambo, koma kuwameza sindingakumezereni."

Zimene thupi la munthu limafuna makina aja anazidziwa mpaka kagalamu komaliza, koma zimene munthu angadzimane chifukwa cha mnzake, mpaka lero palibe amene waziyeza.