Loko Wosathyoka wa ku Mtendere

Lamlungu pa 11 Okutobala 2015, magetsi ku Mtendere anazima mbandakucha. Cha m'ma 10 koloko, anthu ambiri ali ku tchalitchi, munthu wina anafika pa kontena yabuluu kuseri kwa msika. Anatsekula loko ndi kiyi. Anatuluka ndi chikwama cha kumsana, natsekanso loko bwinobwino.

Kontenayo inali shopu ya magemu ya Norah Chishimba. Atabwerako kopemphera, Norah anapeza makina akale awiri ali m'malo mwake. Makina atsopano, amene anafika dzulo lake ndipo kasitomala aliyense anali asanawakhudze, panalibe.

Makiyi anali ndi anthu awiri okha: Norah ndi mlongo wake wamng'ono, Wilbroad.

Sajeni Kalumba wa pa polisi ya Mlambe anayang'ana loko, kenako anayang'ana Wilbroad.

"Wenze kuti kuseni, iwe?"

"Nenze kunyumba, ba Sajeni. Ninagona."

"Anakuona ni ndani?"

"Munthu akagona amaitana mboni?"

"Uli na pakamwa. Tiye ukagonenso kwathu."

Wilbroad ankaphunzira zamagetsi ku koleji, ndipo mayeso ake omaliza anali Lachisanu. Kuwaphonya kunali kutaya chaka. Pokwera galimoto ya polisi anayang'ana mlongo wake. Norah anayang'ana loko.

"Kwacha yagwa, mayi," anatero Kalumba. "Masiku ano wakuba amadya na iwe mbale imodzi."

Pa gemu ya mpira, Norah sankagonja kawirikawiri. Anyamata ankati ali ndi mankhwala. Iye ankangodziwa kuti wothamangira mpira amatopa pachabe. Wochenjera amakadikira kumene mpirawo ukupita.

Lolemba anaganiza chimodzimodzi. Palibe amene angagule makina osawaona akuyaka. Magetsi ankasowa tsiku lonse. Choncho wakubayo anayenera kupita kwa munthu wokhala ndi jenereta ndi TV.

Norah anayamba kutsata phokoso la majenereta. Lolemba anazungulira Mtendere. Lachiwiri anapita ku Kalingalinga. Analowa m'matavani ndi m'mashopu ometera tsitsi, akunamizira kufuna potchajira foni. Lachitatu anakwera basi ya ku Bauleni.

Anawapeza kumeneko, m'shopu ya wometa wina dzina lake Fackson. Makinawo anali pa shelefu, pansi pa TV. Pambali pake panali kadontho kofiira ka utoto wa zikhadabo kamene Norah anaika yekha.

Sanakuwe. Anapempha kusewera kamodzi. Atatenga padi yoyendetsera gemu, anadina batani lopatsira mnzake mpira. Wosewera wa pa TV anauponyera ku golo. Anadina lomenyera ku golo. Mpira unapita kwa mnzake.

"Ba Fackson, mabatani anasintha ni ndani?"

"Ine niziba chabe makina yogela, mayi. Wamene ananigulisa ndiye anasewela, kunionesa kuti visebenza."

"Zina lake?"

Fackson anasiya kumeta.

"Mufunsila chani? Ndimwe bapolisi?"

"Ndine mwine wake."

Fackson anazimitsa makina ometera. Kasitomala wake anatsala ndi mutu wometa mbali imodzi.

"Anati ni Mwansa. Anavala kapusi. Ine sinifuna milandu."

Norah sankadziwa Mwansa aliyense. Koma mabataniwo ankawadziwa. Mwa makasitomala ake onse, mmodzi yekha ndiye ankawasintha motero: Isaiah Mutale. Isaiah ankagwira ntchito pa galaja ina isanatsekedwe, ndipo jeki inamuphwanya chala chachikulu cha kumanja. Chalacho sichinkapindika. Asanayambe gemu iliyonse, ankasinthanitsa mabatani awiriwo, osaganiza n'komwe.

Norah atakafotokoza zimenezi ku polisi, Kalumba anamvetsera atapinda manja.

"Mufuna nimange munthu pamulandu wa mabatani?"

"Makina yenze yanyowani. Palibe anasewelapo. Wamene anasintha, anasintha atayaba."

"Nanga niziba bwanji kuti simunasinthe imwe, kuti mufana wanu achoke? Kapena Mwansa wamene uyo ni Wilbroad."

"Bwelani mailo muzazionele. Osavala yunifomu."

Lachinayi magetsi anabwera 2 koloko masana. Norah anali atalengeza kale mpikisano pa makina akale, mphoto yake jezi. Kontena inadzaza. Kalumba anakhala pa benchi ya kumbuyo, atavala malaya a mizeremizere. Fackson anaima panja, m'gulu la oonerera pa windo.

Isaiah anafika mochedwa. Anaima pakhomo nthawi yaitali, akuyang'ana nkhope imodziimodzi.

"Uja wa malaya ni ndani?" anafunsa.

"Ni amalume. Bachokela ku Kitwe."

"Pepani va Wilbroad, ba Norah. Vinthu vavuta. Munthu angachite chilichonse."

"Ni zoona. Usewela, olo uyopa?"

Anyamata anaseka. Isaiah anakhala pansi, nalanda padi.

"Lelo nikuchosani ulemu."

Asanasankhe timu, chala chake chinapita kosinthira mabatani. Anasinthanitsa awiri aja. Kalumba anadzuka pa benchi kuti aone bwino. Kenako anayang'ana pa windo. Fackson anagwedeza mutu movomereza.

Norah anasewera modekha, namusiya Isaiah kuti agoletse. Pamene Isaiah ankakuwa ndi chimwemwe, dzanja la Kalumba linatera pa phewa lake.

"Isaiah Mutale. Imilila."

"Nalakwa chani, amalume?"

"Sajeni. Chosa vonse va mu thumba."

M'thumba munali foni, machesi ndi kiyi wonyezimira. Kalumba anamulowetsa mu loko wa kontena. Loko anatseguka.

Nkhani ya kiyiyo inali yaifupi. Kiyi wa chimbudzi cha makasitomala anali pa mphete imodzi ndi wa kontena. Sabata yapitayo Isaiah anabwereka mpheteyo kwa Wilbroad, nakhalitsa nayo. Wosula makiyi wa pa msika anamukumbukira chifukwa cha chala chomwecho.

Pa 24 Novembala khoti linalamula kuti Isaiah akhale m'ndende miyezi 18 akugwira ntchito yakalavulagaga. Makina anabwerera kwa mwini wake.

Wilbroad anatulutsidwa Lachinayi lomwe Isaiah anagwidwa, dzuwa lisanalowe, ndipo mayeso ake analemba. Norah anakamudikira pa geti la polisi. Anatuluka atagwira lamba ndi zingwe za nsapato m'manja. Sanamwetulire.

"Ba sisi, nifunseko chimozi."

"Funsa."

"Pamene benze kunitenga, munaganiza kuti ndine?"

Norah akanatha kunama.

"Siku yoyamba, ee."

Wilbroad anawerama, namanga nsapato zake pang'onopang'ono. Kenako anauyamba wa kunyumba, iye patsogolo, Norah pambuyo.