Kamwala ka Dawudi

Custódia anasiya kudya chinangwa atamva zimene amayi ake ankauza mnzawo kuseri kwa mpanda. Ankati mayi Mwanamisi, aja ogulitsa usipa wa ku Meponda, akungolira usana ndi usiku chifukwa kamwala ka mwana wawo Dawudi kasowa pathanthwe.

Thanthwelo linali kumapeto kwa dera la Namacula, lalikulu ngati nyumba ziwiri zogundizana. Akuluakulu ankati kalekale, tauni isanatchedwe n'komwe Vila Cabral, amalonda achiyao opita kutali ndi minyanga ankasiya timiyala m'ming'alu yake. Kamwala kakakhalapo, mwini wake ali moyo. Kakasowa, abale ankayamba maliro. Mwambowu unali utaiwalika, koma nkhondo inaudzutsa. Mayi aliyense amene mwana wake anatengedwa kupita ku tropa, usilikali wa Apwitikizi, anali ndi mng'alu wakewake.

Custódia ankazidziwa zonsezi. Koma tsiku lina pochokera kusukulu anaona pathanthwepo kamwala koyera, kosalala, kokhala bwino m'dzanja, ndipo mtima unathamangira ku phada. Anakatenga, nadziuza kuti akabweza mawa. Mawa lakelo anzake analimbirana kamwalako mpaka kanagwera m'chitsime.

Anayesa kukonza zinthu mwakachetechete. Anatola kena koyera kumtsinje n'kukaika mumng'alu muja, koma mayi Mwanamisi anangokayang'ana kamodzi n'kukataya. Kawo kanali ka kunyanja, kotola Dawudi yekha asanakwere galimoto ya asilikali. Tsopano achibale anali atasonkha kale mpunga wa sadaka, ndipo shehe anali atauzidwa.

Loweruka Custódia anapita kumsika. Anawapeza mayiwo atakhala duu pambali pa dengu, ntchentche zikuchita zofuna zawo pa usipa. Anagwada patsogolo pawo.

"Wakutuma ndani, mwanangu?" anafunsa mayi Mwanamisi.

"Palibe, amayi. Kamwala ka achimwene Dawudi sikanachoke kokha. Ndinatenga ndine. Ndimafuna kusewerera phada."

Mayi wogulitsa tomato pafupi anayamba kukalipa kuti ana a m'tauni alibe mwambo, kuti aitanidwe bambo ake amukwapule pomwepo anthu akuona. Mayi Mwanamisi anamuletsa ndi dzanja. Anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali.

"Bwerezanso. Unatenga ndi dzanja lako?"

"Ndi ili."

Analigwira dzanjalo n'kulitembenuza ngati akuona nsomba.

"Ndiye kuti mwana wanga ali moyo?"

Custódia anafunitsitsa kuvomera. Liwu limodzi lokha likanawaseketsa mayiwo, ndipo iye akanathamangira kwawo atapepukidwa. Koma anali atatopa ndi kunyamula zobisa.

"Sindikudziwa, amayi."

"Inenso sindikudziwa," anatero mayi Mwanamisi, akupukuta maso ndi ngodya ya mpango. "Masiku onsewa ndimaona ngati ndikudziwa. Unandiikitsa mwana m'manda ndi mtima, iwe."

Sanamumenye. Anapirikitsa ntchentche, navundikira usipa ndi chiguduli, n'kuimirira pang'onopang'ono ngati munthu wochira matenda. Kenaka anamuuza kuti mpunga wa sadaka uli kwa mchemwali wawo, ndipo Custódia akausenza yekha kuubweza khomo ndi khomo. Pakhomo lililonse akagwade n'kunena zomwe wanenazi, osachotsapo kanthu.

Custódia anapinda nkhata, nasenza dengu la usipa, n'kuwatsatira. Makomowo anali ambiri, ndipo loyamba linali la shehe.